Laputopu ya Achimwene ndi Waya wa Alandilodi

Pa mdadada wathu ku Kawale, maayironi awiri akayatsidwa nthawi imodzi magetsi amagwa. Makomo onse amadya pa mita imodzi, ndipo swichi yaikulu ili pakhoma kuseri kwa nyumba ya alandilodi. Wina akamasita, wina n'kuyatsa hotipuleti, mumangomva kuti thapu, mawailesi onse zii. Mwana amene ali pafupi amatumidwa kukakweza swichi ija, akuluakulu n'kumalozana zala pamawindo. Ine ndinakulira m'phokoso limenelo, ndipo nthawi zina ndinkaigwetsa dala swichiyo, makamaka mpira ukafika pokoma pa tivi ya khomo loyamba.

Ndine mtsikana wa Fomu 3, wa khomo lomaliza, loyandikana ndi bafa. Mukafika n'kufunsa kuti mwana wovuta pano ndi uti, palibe angaloze mnyamata. Ndine ndinasonkhanitsa masilipasi a makomo onse n'kuwamangirira pa waya woyanikira zovala, lililonse ndi mnzake wolakwika. Ndine ndinauza ana a kuseri kuti mu ngalande ya pamsewu mwalowa nsomba, mpaka anakhala tsiku lonse ndi mbedza za mapini. Amayi anandimenya, anandipempherera, ananditengera kwa aphunzitsi, kenako anangotopa. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti zimene ndinachita Loweruka lija sizinali zangozi. Ndinazikonza bwinobwino, ndipo mwa zonse zimene ndachitapo, palibe zinayenda mokoma ngati zimenezi.

Achimwene anga ndi munthu wosiyana nane. Anakhoza bwino Fomu 4, anapita ku koleji, anabwera ndi pepala limene amayi analiika mu fulemu pamwamba pa kabati. Chibwerereni akhala pakhomo zaka zingapo. Poyamba ankavala tayi n'kupita m'tauni ndi envelopu yakhaki. Kenako anasiya tayi. Kenako anasiya kupitako. Chimene chinawatsalira ndi laputopu yakale imene anagula kwa anyamata a m'tauni, yolemera ngati njerwa, batire lake linafa kalekale. Imayaka pokhapokha chaja chili kukhoma, ndipo chajacho chimagwira pokhapokha mwachimanga ndi mphira. Magetsi akangophethira, nayo imatsinzina.

Ndiye chaka chino kunatulukira kampani ina ya kunja, yofuna anthu odziwa Chichewa ndi Chingerezi kuti azimvera mawu ojambulidwa n'kumawalemba ali kunyumba kwawo. Achimwene analemba mayeso awo n'kukhoza. Aka kanali koyamba kuti wina awayankhe mawu ena osati akuti tidzakuimbirani. Kunatsala chinthu chimodzi: munthu wa kampaniyo alowe mu laputopu yawo ali kutali komweko, aione ngati ndi yoyenera. Ankafuna kuti pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ikhale yatsopano, komanso ikhale ya mtundu wa kuntchito.

Sabata imeneyo ndi imene ndinadziwa kuti pulogalamu imeneyi ili ndi mitundu. Pali wa pakhomo, umene achimwene ankautchula kuti Homu, ndi wa kuntchito, Pulo. Kungoyang'ana pa sikirini simungasiyanitse, koma akuti Pulo yokha ndi imene imalola kampani kukhoma mafayilo ake ndi kulumikiza kompyuta yanu ku makina awo. Laputopu ya achimwene inali ndi Pulo chigulireni, koma yachikale. Anaitengera kwa wokonza makompyuta ku msika wa Chilinde, amene anaikamo apudeti yaikulu ija kuchokera pa fulashi. Inabwera kunyumba yatsopano ndithu, tizithunzi take tonyezimira, achimwene akuipukuta ndi malaya. Atatsegula poonera mtundu, panalembedwa kuti Homu.

Wokonza uja anafotokoza pa foni kuti vuto si iye. Akuti munthu woyamba kuigula laputopuyo kunjako anaigula ndi Homu, ndipo zimenezo zinadindidwa m'kati mwenimweni mwa makinawo. Pulo ija anangoivekapo anyamata a m'tauni. Ukaikamo zatsopano, imakumbukira kwawo. Ine ndinaseka mpaka kutsamwa.

"Achimwene, ndiye kuti nayonso inalowa m'tauni ndi tayi wobwereka."

Sanaseke.

Kuti ibwerere pa Pulo pankafunika kiyi, osati wachitsulo, koma zilembo ndi manambala zimene umalowetsa, kompyuta n'kuyamba kudzisintha yokha, kuzima ndi kuyaka kangapo. Achimwene anapempha kwa aliyense amene anaphunzira naye. Kampani inati idikira mpaka Loweruka masana, kupitirira apo malowo apatsidwa wina. Kiyi anafika Loweruka lomwelo m'mawa, pa foni, kuchokera kwa mnzawo wina wogwira ntchito mu ofesi. Mnzawoyo anawonjezera mawu: ikayamba kusintha isazime, ikazima pakati mwailira.

Mwezi umenewo magetsi ankabwera kwathu m'mawa n'kuchoka dzuwa likapendeka, osabweranso mpaka mawa lake. Ndiye taganizani Loweruka. Aliyense akufuna kusita za kutchalitchi, kuphika nyemba, kuwiritsa madzi, zonse m'kanthawi komweko. Loweruka swichi ija imagwa kambirimbiri moti ana timachita kusinthana. Funso lakuti ntchitoyo akanaigwira bwanji ndi magetsi otere, pa laputopu yopanda batire, palibe analifunsa m'nyumba mwathu. Linali pakati pathu ngati poto wosatsuka, aliyense n'kumalilambalala.

Amayi anali atapita kale kumsika kukagulitsa tomato. Achimwene anachita zimene anthu ophunzira amachita: anapita khomo ndi khomo kukapempha. Ine ndinawatsatira kuti ndione. Khomo lachitatu ndi la amayi ena a ku Mpoto, amene tonse timangowatchula kuti amama. Ali m'gulu la amayi a kutchalitchi kwawo, a bulauzi yoyera yosafuna khwinya ngakhale limodzi. Tinawapeza atayala bulangete patebulo, ayironi ikutentha.

"Amama, ndimati ndikupempheni," achimwene anayamba, manja kumbuyo. "Mutazimitsako ayironi kanthawi kochepa. Ndili ndi zina zoti ndikonze pa kompyuta, za ntchito."

"Mwapeza ntchito, mwana wanga?"

"Ayi, ndiye ndikuifunayo."

"Oo, mukuifuna." Ananyowetsa chala n'kukhudza ayironi, inati tsi. "Ine mawa kuli mgonero. Ndikaime kutsogolo ndi bulauzi ngati ndagona nayo? Kapempheni a hotipuleti awo, ndi amene amagwetsa."

A hotipuleti, amayi a khomo lachiwiri, anati nyemba zawo zangoyamba kumene kufewa, tikapemphe wometa. Wometa ali ndi kashedi pageti, ndipo magetsi ake amachokera pa mdadada pomwepa. Iye anati makina ometera sadya kanthu, zimene ndi zoona, koma ketulo yake yowiritsira madzi opukutira makasitomala sanaitchule. Aliyense anawafunira achimwene zabwino zonse. Palibe anazimitsa chilichonse. Tikubwerera, swichi inagwa, thapu.

Achimwene analowa m'nyumba n'kukhala pansi pafupi ndi soketi, laputopu pamiyendo, foni yokhala ndi kiyi uja m'manja.

"Basi, zisiye," anatero, ngakhale ine ndinali ndisananene kanthu.

Vuto langa pa mdadada n'lakuti palibe amakhulupirira zimene ndanena. Ndikati kukubwera mvula, anthu amatulutsa ufa kukayanika. Ndiye ndinazindikira kalekale kuti bodza langa siliyenera kutuluka m'kamwa mwanga. Ndimalisiya penapake, munthu alitole yekha.

Ndinatenga choko chimene ndinabwera nacho kusukulu, n'kutulukira pa kampata ka kuseri kwa bafa, kuzungulira mpaka kumsewu. Pa mpanda wa aneba a kumtunda ndinalemba manambala ndi zilembo zopanda tanthauzo, n'kuchonga. Pa wotsatira chimodzimodzi. Pa geti lathu, wometa atatembenuka, ndinalemba manambala, koma m'malo mochonga ndinaika mtanda waukulu n'kuuzunguliza. Kalembedwe ndinakasintha, kopendekeka, ka munthu wa ku ofesi amene ali ndi mageti ambiri oti alembe tsikulo.

Kenako ndinabwerera m'nyumba, ndinakulunga ketulo yathu m'chitenje, chingwe chake n'kuchisiya chikulendewera, ndipo ndinadutsa pakhomo pa amama monyang'ama ngati sindikufuna kuonedwa.

"Iwe, wabanso chiyani?"

"Palibe, amama."

"Tabwera kuno. Ketulo ukupita nayo kuti?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. "Ndikungoisunga."

"Kuisunga kuti chiyani?"

"Sindikudziwa ngati n'zoona. Inu mukudziwa kuti ine ndimanama, ndiye ndisanene."

"Nena, iwe."

"Mwaona pageti?"

Ndinathera pomwepo. Amama anazimitsa ayironi n'kupita kukaona. Anaitana wometa, iye n'kutuluka m'kashedi kake, kasitomala atamumeta mbali imodzi. A hotipuleti anabwera akupukuta manja. Anayang'ana mtanda wathu, anapita kukayang'ana kuchonga kwa aneba, anabwereranso. Ndikufuna mumve bwino apa: ine sindinatchule a magetsi. Anawatchula ndi wometa. Iye anati anamva kuti ku Biwi akuyenda puloti ndi puloti, kumene makomo ambiri ali pa mita imodzi akulanda maayironi ndi mahotipuleti. Amama anati n'zoona, amayamba ndi kulemba chonchi, kenako amabwera ndi galimoto ndi apolisi. A hotipuleti anati msuweni wawo ku Chinsapo anamutengera ngakhale poto, nyemba zili momwemo. Ine ndinangoima chapatali ndi ketulo yanga, nkhope yamantha, m'mimba mukundipweteka ndi phwete.

Zimene zinatsatira ndikanakonda ndikanazijambula. Amama anakulunga ayironi yotentha m'thawulo n'kuikwirira pansi pa dengu la zovala. A hotipuleti anaphula nyemba, hotipuleti n'kuilowetsa m'thumba la makala. Wometa anaponya ketulo yake padenga la bafa, madzi ali momwemo. Abambo a khomo loyamba anakankhira tivi pansi pa bedi, ngakhale za tivi palibe anazitchula. Mbaula zinayatsidwa mdadada wonse. Chikhalireni pamenepo, sindinamvepo Loweruka lachete chonchija.

Ndinalowa m'nyumba n'kuika ketulo pamalo pake.

"Achimwene, yambani."

"Wachita chiyani?"

"Anthu akumverani chisoni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Amandidziwa. Koma anayang'ananso nthawi pa foni, ndipo sanafunsenso.

Ine ndinkawerenga kiyi mokweza, iwo akulowetsa ndi chala chimodzi, kenako tinabwereza kuti titsimikize. Anadina. Laputopu inaganiza, inaganiza, kenako inavomera. Sikirini inasanduka yabuluu, timadontho tikuzungulira, pansi pake mawu a Chingerezi akuti musazimitse kompyuta yanu. Achimwene sanakhulupirire mphira uja, anagwira chaja ndi zala zawo. Inazima yokha, mtima wanga unati phaa, koma iwo anati ndi mmene imachitira. Inayakanso. Manambala anayamba kukwera, pang'onopang'ono ngati mzere wa pachigayo.

Atadutsa theka, achimwene anayamba kulankhula. Chaka chonsechi anali asanalankhulepo choncho. Anati choyamba agula batire. Kenako amayi awamangira benchi ya denga kumsika, asiye kupsa ndi dzuwa. Kenako anandiyang'ana.

"Iwe ndikutumiza sukulu yogonera komweko."

"Chifukwa ndine wanzeru?"

"Kuti ukavutitse ena. Ife tatopa."

Tinaseka tonse awiri, iwo osasiya chaja. Ndinawasiya akumwetulira kwa timadontho tija, ine n'kutuluka kukaona mmene ntchito ya manja anga ikuyendera.

Pageti panali alandilodi. Ndi bambo wachikulire, ankayendetsa malole, amakhala m'nyumba yaikulu ya kutsogolo. Mwezi uliwonse amayenda khomo ndi khomo kutolera za mayunitsi a magetsi, ndipo amakagula okha. Swichi ili poyera kuti ana tizikweza, koma kabokosi ka mita amakakhoma ndi loko, kiyi wake m'thumba. M'mawa umenewo anali atachoka, ndipo anangofika kumene. Anaima kuyang'ana mtanda wanga, wometa akuwafotokozera za ku Biwi, tsopano nkhani itakula mpaka anthu kumangidwa. Alandilodi anapukuta choko ndi mkono wa jekete. Anapita kukayang'ana kuchonga kwa aneba. Anabwerera akuyenda mwachangu chimene sindinawaonepo nacho, n'kulowa m'nyumba mwawo.

Anatuluka atavala magambutsi, dzanja lina pulayazi, dzanja lina mpando.

Poyamba ndinaseka. Ndinaganiza kuti nawonso akukabisa china padenga. Ndinawatsatira kuseri, ndikuwaona akukwera pampando, akumasula loko. Kabokosi katatseguka ndinaona waya wofiira, wonenepa, wochokera pamwamba pa mita, kuilambalala, n'kukalowa pansi. Fiziki ya Fomu 3 sindiikonda, koma pamenepo inandikwanira. Magetsi a mdadada wonse sankadutsa mu mita. Ankadutsa mu waya ameneyo. Ndipo alandilodi anabwera kudzamuchotsa a magetsi asanafike.

"Abambo, dikirani."

"Choka apa, iwe."

"Za pageti zija ndalemba ndine. Onani." Ndinatulutsa choko, ndinawaonetsa zala zanga zoyera.

Anandiyang'ana ali pampando pomwepo. "Iwe?"

"Ine. Kulibe a magetsi. Ndimafuna anthu azimitse maayironi. Achimwene akukonza kompyuta ya ntchito, ikazima yafa. Dikirani pang'ono chabe, imalize."

"Wometa akuti ku Biwi atenga anthu."

"Wometa wayamba kulankhula amama atamuitana, ndipo amama ndawatuma ndine."

"Si iwe unandiuza chaka chatha kuti akazi anga akomoka kuchigayo? Ndinathamanga wopanda nsapato."

"Ndine, abambo. Koma lero ndikunena zoona."

"Kaya unanama m'mawa, kaya ukunama panopa, kundende akagone ndine, osati iwe."

Ndinagwira mwendo wa mpando. Ndinaganiza zoukoka, ndipo mpaka lero ndimaganiza kuti mwina ndikanaukoka. Iwo anatambasula dzanja n'kutsitsa swichi. Thapu.

Panalibe wailesi yoti izime, chifukwa zonse zinali zobisidwa. Mdadada unangokhala mmene unalili. Ndinathamangira kwathu. Achimwene anali pansi pomwe paja, sikirini yakuda, zala zawo zikadali pa chaja. Sanakuwe. Anangoti, "Wayatsa ayironi ndani?"

Ndinabwerera kuseri kuti alandilodi abweze waya, koma anali atamumasula kale n'kumupinda m'thumba la jekete. Anakweza swichi. Palibe chinayaka. Mita inalibe mayunitsi, ndipo inkaoneka kuti yakhala choncho nthawi yaitali, chifukwa pa mabatani ake panali ukonde wa kangaude. Apa n'kuti anthu atasonkhana, aliyense akufuna kudziwa ngati a magetsi afika. Amama anayang'ana mita, anayang'ana thumba la jekete limene waya wofiira ankasuzumira.

"Abambo," anatero mofatsa kwambiri, "mayunitsi timasonkha aja ali kuti?"

Ndikanama ndikati sizinandikomere. Alandilodi ali pampando ndi magambutsi, pulayazi m'manja, amayi atawazungulira moti sakanatha kutsika. A hotipuleti akukumbutsa nthawi zonse zimene ananenedwa kuti nyemba zawo ndi zimene zikumaliza mayunitsi. Wometa, amene anayambitsa za ku Biwi, tsopano akuti iye ankakayikira kalekale. Alandilodi akubwerezabwereza kuti tikambirane ngati anthu. Ndikanatha kuima pamenepo mpaka madzulo. Koma ndinaona achimwene akutuluka pageti ndi chikwama kumsana, ataiwala chaja, ndiye ndinachitenga n'kuwathamangira.

Ku Chilinde magetsi analipo. Wokonza uja analumikiza laputopu, inayaka, timadontho tinazungulira, inalemba kuti ikubweza zimene inasintha, n'kuzima. Inayakanso, inalemba zomwezo, n'kuzima. Tinaiyang'ana ikuchita zimenezo mobwerezabwereza, dzuwa likukwera pamwamba pa malata a msika. Wokonza anati palibe njira ina, afufute zonse ayambirenso ndi fulashi, ndipo ibweranso ili Homu, kenako kiyi, ndipo pa makina okalamba chonchi zonsezo ndi za madzulo. Achimwene anakhala pa benchi n'kulembera kampani ija pa foni, Chingerezi chaulemu, kupempha kuti awadikire mpaka Lolemba. Yankho silinachedwe, nalonso laulemu. Anawathokoza chifukwa cha chidwi chawo, ndipo anati dzina lawo alisunga.

Anamuuzabe wokonza kuti apitirize. Madzulo laputopu inadzuka ili Homu. Analowetsa kiyi uja, ulendo uno inamukana. Mnzawo wa mu ofesi sanayankhenso foni.

Tinabwerera wapansi, iwo patsogolo, ine pambuyo ndi chaja. Njira yonse ya ku Kawale ndinkadikira kuti andimenya khofi. Titayandikira kwathu anachepetsa liwiro mpaka ndinawapeza.

"Za waya uja unkazidziwa?"

"Ayi."

"Ukanadziwa?"

"Ndikanayamba ndawatuma alandilodi ku Area 25, kuti mwana wawo akuwafuna."

Mphuno yawo inatulutsa kampweya, pafupifupi kuseka. Kenako anati, "Usadandaule. Ikanakhala Pulo akanapeza china. Akanati batire, akanati netiweki."

"Sindikudandaula."

"Ndikudziwa."

Amayi anamva nkhani yonse asanafike n'komwe pageti. Sanandimenye. Anatula dengu la tomato wotsala, anakhala pa mpando, anayang'ana pepala la mu fulemu lija, kenako anandiuza kuti ndipite khomo ndi khomo kukapepesa. Ndinapita kwa amama okha, chifukwa ayironi ija inali itabowola thawulo n'kusiya chipsera pa bulauzi yoyera yomwe ija. Ndinawapeza akuiyang'ana pa kuwala kwa pakhomo.

"Wabwera kudzapepesa?"

"Amayi andituma."

"Ndiye pepesa."

"Amama, achimwene atakupemphani mwaulemu munazimitsa?"

Anandithamangitsa ndi tsache. Mawa lake anapita ku mgonero ndi bulauzi yobwereka, yothina m'mapewa.

Anthu amafuna ndinene kuti ndinawaphera achimwene ntchito. Aphunzitsi anga a Chichewa, amene nkhaniyi inawafika, anandiuza kuti ndilembe chimangirizo cha phunziro limene ndatolapo. Ndilibe. Achimwene anapempha ndi manja kumbuyo, ndipo swichi inagwa asanafike n'komwe pakhomo. Ine ndi kachoko kamodzi ndinawapatsa magetsi osagwedezeka amene mdadada uno sunawaonepo Loweruka lililonse. Waya wofiira sindinaike ndine. Batire sindinaphe ndine. Amene anagula laputopu ya Homu kunjako n'kuitaya itakalamba sindimudziwa. Ndipo kanthawi kaja manambala akukwera, achimwene analankhula za benchi ya denga ndi sukulu yogonera, akuseka. Zimenezo anawapatsa ndine. Wina aliyense anangowafunira zabwino.

Waya uja sanakhalitse m'thumba la jekete. Mdadada unayesa mayunitsi enieni, unaona mmene amathera, ndipo m'mawa wina magetsi anangoyamba kukhalitsanso. Palibe anafunsa. Alandilodi masiku ano amapereka moni woyamba kwa aliyense, ndipo akandiona amawoloka msewu. Pageti anakwecha ndi madzi a sopo, koma dzuwa likawomba cham'mbali mtanda wanga umaonekabe. Maayironi anatuluka m'madengu. Ketulo ya wometa ikadali padenga la bafa, akuti anagula ina.

Achimwene anaika katebulo m'kashedi ka wometa. Amaika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni ndi m'mamemore a anthu. Akuti pa ntchito imeneyo Homu ndi yokwanira. Za makampani sakuyang'ananso. Envelopu yakhaki ija amaikamo timamemore ta makasitomala. Kusukulu aphunzitsi amatiuza tsiku lililonse kuti tilimbikire, Fomu 4 ili pafupi, amene alimbikira adzadya bwino. Ine ndimakhala kumbuyo n'kumawayang'ana anzanga akulemba zimenezo m'makope. Achimwene ankakhala kutsogolo.

Loweruka lapitali ndinadikira mpaka atalumikiza foni ya kasitomala, filimu ili pakati kukopedwa. Ndinazembera kuseri kwa alandilodi n'kugwetsa swichi. Kale ndikachita zimenezi achimwene ankatuluka ndi silipasi m'manja, kundithamangitsa mpaka kumsewu, akunditchula mayina amene amayi sankadziwa kuti amawadziwa. Ndinaima pamenepo, mwendo umodzi uli wokonzeka kuthawa. Amama anakuwa pawindo kuti a hotipuleti ayambanso. A hotipuleti anayankha zawo. Ndinasuzumira pakona. Achimwene anali pa katebulo kawo, atamasula mphira pa chaja, akuuzunguliza pa chala, akuuza kasitomala kuti adikire, magetsi abwera.

Ndinadikirabe pang'ono. Kenako swichi ija ndinaikweza ndekha.